Nsomba ya pamsana pa malume

Inandidzutsa ndi nkhwangwa. Kunali kusanache, wina akuwaza nkhuni kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo amayi amene anachezera kuimba pamaliro, mawu anali atawathera. Unali mwezi wa Juni, nkhungu itakuta mapiri a kwa Kanduku. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali chikhalire pafupi ndi thupi la mwana wawo womaliza, malume anga.

Malume anakhala ku Japan zaka zisanu ndi ziwiri, akukweza galimoto zakale m'sitima za pamadzi. Anabwerako ndi chifuwa, komanso chinthu china chimene sankaonetsa anthu. Ine ndinkachidziwa chifukwa ndine ndinkawasambitsa akudwala. Msana wonse unali utalembedwa chithunzi cha nsomba yaikulu yofiira, yandevu, ikukwera mathithi, masamba akuyoyokera m'madzi. Anandiuza kuti mizere yake analemba ndi mnyamata wa makina, koma utoto analowetsa ndi bambo wokalamba, pamanja, ndi singano zomangirira ku kamtengo, Loweruka ndi Loweruka kwa zaka ziwiri. Ankati kumeneko nsombayo imaimira munthu wosabwerera m'mbuyo. Komabe ngakhale komweko sankavula malaya pagulu, poti ena amaopa munthu wolembedwa pathupi.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa kabaza kuchokera kwa Thambani, ena wapansi. Utsi wa pamafuwa unasakanikirana ndi nkhungu. Amuna anayi analowa kukasambitsa thupi, ine wachisanu. Atalitembenuza, wogwira beseni anabwerera m'mbuyo, madzi n'kutayikira pansi. Mmodzi anatuluka, nabwera ndi mkulu wa mpingo.

Ndinafotokoza zonse. Ndinali ndisanayankhulepo nthawi yaitali chotero pamaso pa akuluakulu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti ngati chinali chabwino, ankachibisiranji. Pomwepo mkulu wa mpingo uja anati mpingo suimba pamalirowo. Panja nkhani inali itafala kale: ati chidindo cha pansi pa nyanja, ati nyumba ya malata imene malume anamanga inachokera komweko.

Agogo anatuluka, naloza mphini za m'masaya mwawo.

"Ndiye inenso simudzandiimbira?"

Mkuluyo anayang'ana pansi. Anati mphini amazidziwa, amayi awo anali nazo, koma izi sakuzidziwa, ndipo mpingo sungayende patsogolo pa chinthu chimene sukuchidziwa.

Amayi a mpingo anavula mipango yoyera, ena misozi ikutsika. Bokosi linatuluka popanda nyimbo. Kunkangomveka mapazi ndi kutsokomola. Tili pakati pa minda ya mtedza agogo anayamba nyimbo okha. Amayi atatu anayankha. Ena onse anangoyenda. Kumanda wachibale wamkulu anathokoza anthu mwachidule, adzukulu n'kukwirira.

Ambiri amene akanagona pasiwa anatsanzika dzuwa lisanalowe. Madzulo pakhomo panali zii, mikeka itapindidwa, agogo atagona choyang'ana kukhoma. Ndinali pakhonde pamene mkulu wa mpingo uja anafika yekha. Ndinawapatsa mpando, anakana. Anatulutsa pepala lopinda panayi m'thumba la jekete.

"Ndi mbiri ya malume anu, yoti ndikawerenge kumanda. Ndinalemba dzulo, ndisanaone. Tinkakhala pa desiki imodzi kusukulu." Anandiika pepalalo m'manja. "Muwawerengere agogo."

Anatsika pakhonde, nalowera njira ya kumunsi.