Zala Zodyedwa ndi Simenti

Mafunso a ntchito ya ku Botswana anatifunsira m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina ku Kamwala. Tinalipo amisiri omanga khumi ndi awiri, koma ankafuna atatu. Ine ndinali nditatopa ndi maganyu a ku Kanyama, omanga chimbudzi lero, mawa n'kungokhala.

Wofunsayo anali bambo wamfupi wosaseka. Anandifunsa za kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, za maziko a pamalo amadzi, za kuwerenga pulani. Ndinayankha zonse. Atandifunsa ngati ndinamangidwapo, mtima unagunda ngati ndine wakuba, chonsecho sindinagonepo m'chitokosi.

"Ntchito mwaipeza," anatero, "koma pemiti yogwirira ntchito kuja siituluka popanda kalata ya kupolisi yosonyeza kuti simunapalamulepo. Masabata atatu. Mukachedwa, titenga wina."

Kalatayo imafuna zidindo za zala. M'mawa mwake ndinapita kukadinda. Mayi wapolisi anandipaka inki, nakanikiza chala papepala. Panatuluka chibanthu chakuda chopanda mzere n'umodzi womwe. Anayesa china, chimodzimodzi. Anatembenuza dzanja langa n'kuliyang'anitsitsa.

"Ba bululu, vikumo vanu vilibe mizere. Musebenza na simenti, ai? Lekani kuigwira masabata awiri, muzizola mafuta. Kapena vizabwelela."

Zaka khumi ndi zisanu ndinkamanga opanda magolovesi. Kwathu mmisiri wovala magolovesi timamuseka kuti ndi wa mu ofesi, ndipo woseka kwambiri ndinali ine.

Ndinayamba kukhala pakhonde, manja ali noninoni ngati a mwana wakhanda. Anzanga podutsa ndi wilibala ankakuwa kuti, "Ba madamu, mwauka bwanji?" Ndinkaseka nawo, koma m'mawa uliwonse ndinkaunika zala padzuwa, ndili ndi mantha. Tsiku lachisanu ndi chitatu timizere tinayamba kuoneka, toonda ngati ulusi.

Tsiku lomwelo kunagwa chimvula. Ku Kanyama madzi salowa pansi, pali mwala. Anadzaza pabwalo, ndipo masana khoma la chipinda chogona ana linang'aluka, mabuloko a m'munsi n'kugwera kunja. Amisiri onse a m'dera lathu anali kalikiliki ndi makoma awoawo. Ndinatenga mpeni wanga womangira.

Mkazi wanga anaima pakhomo.

"Imwe, ikani pansi. Mukagwira simenti lelo, ku Botswana muiwaleko."

"Manje bana bazagona kuti?"

"Muzaniuza vochita. Nili na manja."

Ndinamupezera magolovesi akale kwa aneba, koma anang'ambika asanamalize mzere woyamba. Anawataya. Masiku atatu anakanya matope a simenti, kunyamula mabuloko, kusalaza mipata ndi zala, ine nditaima kumbuyo kwake ndi chingwe ndi levulo, ndikukalipa kuti buloko yapendama. Ndinachita manyazi osaneneka. Kangapo ndinatambasula dzanja kuti ndimulande, iye n'kundimenya pamkono ndi chigongono osatembenuka.

Sabata yachitatu ndinabwerera kupolisi. Mayi uja anakanikiza chala choyamba, n'kukweza pepala m'mwamba. Anadinda chachiwiri, chachitatu, mpaka zonse khumi.

"Vaoneka," anatero.

Pemiti inatuluka patapita mwezi ndi theka. Manja a mkazi wanga anali asanapole. Simenti inamudya pakati pa zala, khungu linasupuka, ndipo mabala ake ankatsegukanso akangochapa. Iye amaluka anthu tsitsi pamsika, ndiye nthawi yonseyo makasitomala ake ankapita kwa ena.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza kokwerera basi. Ndinafuna kumugwira dzanja potsanzikana. Analibweza msanga n'kulibisa m'chitenje.

"Osagwira, vibaba," anatero, kunena ululu wa mabala aja. "Kwerani, basi izakusiyani."