Apongozi Anga pa Buleki

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi mwendo, poti mutuwu unakana sukulu ndili Sitandade 2. Anali masiku a Chitaganya, ine ndili mkamwini watsopano kufupi ndi Nsaru, kwathu kuli ku Dedza. Lole ya Mmwenye wina wogula mtedza ku Namitete inatitimira m'dambo, ndipo ndinathandiza kukankha. Makaniko wake, a Filimoni, anandiyang'ana akatumba nati, "Iwe, mwendo uwu ukungowonongeka m'mizeremu. Ubwere Lolemba."

Ntchito yake inali kuponda buleki. Loleyo inali nkhalamba yodontha mapaipi, ndiye mpweya unkalowa m'mafuta. Ukaponda, phazi linkangomira ngati waponda dzungu lophika. Kuuchotsa mpweyawo kumafuna anthu awiri. Wina amagona pansi ndi sipanala, kapaipi ka labala ndi botolo la mafuta a buleki pang'ono. Kapaipiko amakaveka pa kanati ka kuseri kwa tayala, mbali inayo n'kumiza m'botolo. Wam'mwamba amapopa katatu n'kugwira. Wapansi amasule kanati, thovu lituluke, amange, ndiye wam'mwamba asiye. Akasiya kanati kali kotsegula, mpweya umabwerera, mwavutikira chabe. Mumayambira tayala lakutali ndi kathanki ka mafuta, ndipo kathankiko kasaume.

A Filimoni sankacheza. Zaka ziwiri, mawu awo kwa ine anali "Popa! Gwira! Siya!" basi. Komabe mnzanga anali iwowo. Kumudzi ankangonditcha "a ku Dedza aja", ndipo apongozi anga aakazi akandiona panjira ankakhotera patchire, monga mwa mwambo. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, ndinkadziwa msana. Kenaka a Filimoni anapita ku Halale osatsanzika, n'kundisiyira sipanala ndi chiwongolero.

Tsiku lina m'nyengo yokolola mtedza, paipi inathetheka ndili pafupi ndi kumudzi. Ndinakwawitsa lole mpaka pabwalo, n'kumanga paipi ina yomwe ndinkayenda nayo. Koma wopopa? Mudzi wonse unali kumaliro kutsidya. Otsala anali mkazi wanga Nabanda, yemwe matenda a pakati anali atamuyamba dzulo lake, agogo awiri omuyang'anira, ndi apongozi.

Ndili chikhalire pamthunzi, ndinamva mawu a apongozi kuseri kwa nkhokwe, akulankhula ndi mbuzi.

"Mbuzi iwe, uwauze eni galimoto kuti mwana wanga akutha. Zakanika kuno."

Chipatala cha mishoni chinali ku Namitete, ndipo panjira panali mtsetse wothera pamlatho wa mitengo. Popanda buleki, tonse tikadakathera mumtsinje. Ndinayang'ana tayala.

"Tayala iwe, uwauze amayi kuti pakufunika phazi la munthu."

Kenaka: "Mbuzi, phazi ndili nalo."

Ndinaika tsamba la mtedza pa chopondera chapakati kuti asasokoneze, ndinafotokozera tayala zonse, n'kulowa pansi. Ndinamva lole ikutsamira mbali imodzi. Apongozi akwera! Anali munthu wathupi, Mulungu awasunge.

"Tayala, apope katatu. Agwire!"

Thovu linatuluka. Ndisanamange, anasiya, kapaipi n'kuyamwa mafuta a m'botolo ine ndikuona.

"Tayala iwe, ndiwe wogontha kodi? Ndati agwire!"

"Mbuzi, tayalalo lilankhule bwino. Si ine mwana wake."

Apo m'nyumba munamveka kubuula kwa Nabanda. Kuyambira pamenepo tayala ndi mbuzi tinazichotsa ntchito.

"Popani, amayi! Gwirani! Siyani!"

"Ndagwira, bambo! Mangani!"

Bambo. M'mudzi umenewo panalibe anali atanditchulapo choncho. Ndinali chagada m'fumbi, mafuta akundidonthera m'maso, ndiye za misoziyo tinene kuti anali mafuta.

Ndikamatuluka kukathira mafuta m'kathanki, iwo ankadzifunda nsalu kumutu, phazi lili pomwepo. Pa tayala lachinayi anakuwa, "Chalimba! Chikukana kutsika!" M'botolo munalibenso thovu.

Tinamugoneka Nabanda pamatumba a mtedza, amayi ake atamufungata. Pamtsetse paja ndinapeza ngolo itaima pakati pa mlatho, mwini wake akukangana ndi ng'ombe. Ndinaponda. Lole inaima, mphuno yake itatsala pang'ono kununkhiza ngoloyo. Dzuwa lisanalowe, mwana wamkazi anali atabadwa, amake ali moyo.

Ndinkayesa kuti tsopano ndapeza wocheza naye, eti. Patatha sabata tinakumana panjira ya kudimba, apongozi n'kukhotera patchire ngati kale. Anamwalira patapita zaka zisanu ndi chimodzi osandilankhulanso. Koma akapha nkhuku, ntchafu inkabwera kwanga m'kambale kovindikira.

Magalimoto ndakonza zaka zambiri, ndipo anyamata amakono amati ali ndi makina ochotsera mpweya munthu uli wekha. Awasunge. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti wapansi suona phazi, wam'mwamba saona sipanala, ndiye wina akati wagwira, umamasula kanati pokhulupirira mawu ake okha.

Nabanda anatsogola, mwana uja ali kubanja ku Kasungu. Pakhomo panga pali tayala lakale lomwe ndimakhalira. Masana ena ndimaliuza kuti, "Tayala iwe, apope." M'mwambamo mulibe woyankha.