Phungu amene ndinamusoka pa chofunda

Anayamba ndi bambo wina wa pa njinga. Ankadutsa m'kanjira ka kuseri kwa nyumba yathu, kopita ku mjigo, ndipo atafika pa chingwe changa choyanikapo zovala anatsika n'kuvula chipewa. Ine ndinali pa khonde ndikusenda mbatata. Ndinayesa akupereka moni kwa ine, ndiye ndinayankha kuti tadzuka, kaya inu. Koma sanandione n'komwe. Maso ake anali pa chofunda cha ana anga chimene ndinali nditangochapa, chikudontha madzi. Anaima, anaima, chipewa chili pachifuwa, kenaka anati, "Ameneyu ndiye wayamba liti?" Anakwera njinga n'kumapita akucheuka.

Ndinasiya mpeni, ndinapita kukaima pamene anaima iyeyo. Mayo ine! Pakati pa chofunda panali munthu akundiyang'ana.

Chofundacho ndinasoka ndekha, ndi manja. Bambo a ana anali atapita kutsidya, ku Zambia, kukasankha fodya pa esiteti, ndipo bulangete lathu limodzi lija ananyamula. Anandisiya ndi ana awiri, wamkazi wa zaka zinayi ndi kamnyamata koyamwa, ka chifuwa chosatha. Chisanu cha kwathu kufupi ndi Kamwendo chimalowa mpaka m'mano, ndipo kamwanako kakazizidwa kankapuma ngati mluzu. Ndiye ndinapempha telala wina wa pa khonde la sitolo kuti ndizimusesera pansi pa makina, tizidutswa ta nsalu ndizitenga. Anavomera.

Chinali chaka cha chisankho. Kwathu ankalimbirana uphungu anthu awiri, ife tinkangoti a magalasi ndi a ndevu. Onse ankagawa nsalu zokhala ndi nkhope zawo, amayi n'kumalandira uku ndi uku, n'kupita nazo kwa telala kukasoketsa mabulauzi. Telala podula khosi kapena mkono sasamala kuti sizasi yadutsa pamphuno pa ndani. Zimene ndinkasesa ine zinali diso, theka la mlomo, tayi, chipumi. Kunyumba ndinadula katoni ya sopo, kachidutswa kofanana ndi chikhatho, ndi kameneko ndinkayezera zigamba zonse kuti zilingane. Ndinkalumikiza chowala ndi chakuda, chowala ndi chakuda, monga ndinaonera kwa amayi a ku tchalitchi. Ndipo zigamba umasokera kunsi, nsalu zitapenyana, sumaona chimene chikutuluka kumaso. Kunsi kwa chofundacho ndinaika zitenje zakale ziwiri kuti chilemere. Zotsala ndinasokera timapilo tiwiri, m'kati n'kuphatikamo nyenyeswa za nsalu.

Tsono pakati penipeni zigamba zinakumana mwa izo zokha. Pamwamba magalasi a bwana uyu, onse awiri, pamunsi pake mlomo ndi ndevu za bwana winayo. Khutu limodzi silinali khutu ayi, chinali chogwirira cha tiyipoti wa pa chitenje cha ku Chipata, koma chinakhala pamalo pake ndendende. M'nyumba mwathu mwamdima sindinamuonepo. Pa dzuwa, utaima patali, anali munthu wathunthu, wonenepa bwino, wooneka kuti sukulu anapita.

Mudzati bwanji sunangochibisa. Kamnyamata kanga kankakodza pogona tsiku lililonse, ndipo chofunda cholemera choncho ukachiyanika m'nyumba sichiuma, madzulo ana agona pa chiyani? Ndinayenera kuchapa m'mawa uliwonse n'kuyanika pa dzuwa, ndipo dzuwa pakhomo pathu linkafika bwino pa chingwe chomwecho cha kunjira.

Mawa lake anabwera anzanga oyandikana nawo nyumba, mayi ogulitsa mandasi, beseni lili pamutu.

"Amake mwana, mwatibisira bwanji?"

"Chiyani, asisi?"

"Woima payekhayu. Ku mjigo nkhani ndi yomweyi. Akuti nsalu zake zafikira kwa inu."

"Ndi zigamba izi. Taonani msoko uwu, ndasoka ine."

Anayandikira, anagwira msoko, anagwedeza mutu. "Ee, wochenjera. Akusoketsa m'zidutswa kuti anzakewo asadziwe msanga. Ine mundisungire ziwiri, ina ya apongozi."

Ndinaseka. Ndikapita ku mjigo amayi ankachotsa ndowa zawo kuti nditunge ine poyamba. Gogo wina anandigwadira pa njira kupempha mchere. Mkulu wina wa mpingo anafika ndi jekete, anakhala pa mpando wathu wothyoka, n'kuyamba kufotokoza za malata a tchalitchi, akulankhula ndi ine koma maso ali ku chingwe. Wina anati anamuona munthuyu ku Boma ali m'galimoto yoyera, akudya nyama yootcha. Wina anati ayi, ndi wa ku Mkanda, anali mphunzitsi. Ine ndikati kulibe munthu wotere, ankandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti tamva, mayi, sitiulula.

Kenaka mayi a mandasi aja anabweranso, ulendo uno akunong'ona.

"Akuti ndi amuna anu."

"Amuna anga alibe ndevu!"

"Ndevu zimamera, amake mwana. Anapita liti?"

"Nanga magalasi?"

"Ku Chipata amagulitsa pamsika."

"Khutulo ndi tiyipoti!"

Anapita kukaliyang'ana bwino. Anati makutu a bambo a kwathu iwo sanawaonetsetsepo.

Apa m'pamene zinasiya kuseketsa. Masiku amenewo tinkamva kuti kwinakwake anyamata a kampeni atentha denga la munthu, kwina amenya wokwera njinga chifukwa cha malaya amene anavala. Zoona kapena zonama sindikudziwa, koma denga lathu linali la udzu, chitseko cha bango, mwamuna m'nyumba mulibe.

Oyamba kufika anali atcheya a mbali ya a magalasi, bambo wamfupi wa nsapato zazikulu, ndi anyamata awo m'mbuyo. Sanakhale pansi.

"Mayi, magalasi awa mukuwadziwa mwini wake?"

"Ndinatola kwa telala, bambo."

"Mwawatenga magalasi a bwana wathu mwamuveka mdani. Kapena mwatenga ndevu za mdani mwamumata bwana wathu. Chilichonse mwa ziwirizi ndi chipongwe. Akukutumani ndani?"

"Chisanu, bambo. Mwanayu ali ndi chifuwa."

Mnyamata wina anaseka, atcheya anamuyang'ana, analeka. Atcheyawo anandiuza kuti amuna anga akafuna mpando abwere poyera ngati mwamuna, asamatume chofunda.

Tsiku lomwelo dzuwa litapendeka anafika a mbali inayo. Atcheya awo anali bambo wamtali, wa mawu ofatsa, ndipo ameneyo ndi amene ndinamuopa kwambiri. Anati ndevu zimenezo anthu a dera lonse amazidziwa, agogo osawerenga akavota poona ndevu, tsono ine ndazigawa pawiri, mavoti ena apita kwa munthu wachilendoyu.

"Koma sali pa pepala lovotera, bambo."

"Ndiye akufuna chiyani?"

Ndisanayankhe, mwana wanga wamkazi anatulukira kuseri kwa chitenje changa. Anali atamva anthu akunena kuti pa chofunda pali atate ake, ndipo anasangalala nazo.

"Awo ndi adadi," anatero akuloza. "Mwana amawakodzera kumaso."

 Atcheya anafunsa pang'onopang'ono kuti mkodzowo umagwera mbali iti, kumagalasi kapena kundevu. Ine ndinati zimatengera mmene wagonera. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha choncho, pakamwa panangotseguka. Nthawi yomweyo kamnyamata kanatuluka kakukwawa, kakukoka kapilo kake, kakuyamwa ngodya monga kankachitira. Pa ngodyayo panali mphuno. Onse anawerama kuyang'ana kuti mphunoyo ndi ya ndani, ndipo sanagwirizane.

Ndinayesa kuyanika chofunda chotembenuza, nkhope kunsi. Anthu anati bwana wabisala, zinthu zavuta. Ndinayesa kuchipinda pawiri, sichinaume, ana anagona ndi zitenje zokha, kamnyamata kanatsokomola mpaka kusanza. Ndinayesa kuyanika pa denga. Anati wamukweza pamwamba kuti aonekere kumsewu. Ndinkati ndikamva njinga yaima ndimathamanga kukawerenga ana, ngati kuti ndi ambiri. Mwana wamkazi ndinamuletsa kupita kutali, koma wa zaka zinayi sungamumange mwendo.

Tsiku lina masana anabwera akuthamanga kuchokera ku kanjira, akuseka, dzanja lili m'mwamba.

"Amama, taonani! Andipatsa ankolo."

Linali bokosi la machesi, lodzaza.

"Ankolo ake ati?"

"Aja. Akuti mupatse adadi. Akuti udzu wathu wauma bwino."

 Sindinadziwe ngati ndi a magalasi kapena a ndevu, mwana sankawasiyanitsa. Chimene ndinadziwa n'choti munthu wamkulu anaima pa njira, anamuitana mwana wanga, anawerama n'kumugwira dzanja. Sindinalire. Ndinamusambitsa m'manja, sindikudziwa chifukwa chake, kenaka ndinapita kwa mayi a mandasi.

"Asisi, kauzeni anthu kuti bwana uja akusiya mpikisano. Mawa m'mawa, ku mjigo. Atcheya onse awiri abwere."

"Iii, wagulidwa?"

"Kanene choncho basi."

Nkhani ikapita ndi mandasi imafika paliponse. M'mawa ku mjigo kunali anthu ngati pali msonkhano, ena atakwera pa chulu. Ndinabereka kamnyamata, wamkazi ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anadandaula. Chofunda ndinachiyala pa udzu. Amuna ena anavula zipewa. Ndinagwada n'kutulutsa lezala.

Atcheya wamfupi anati ndidikire. Anafuna kudziwa kuti bwanayu posiya akuti anthu ake avotere ndani. Wamtali anati funso lake ndi lomwelo. Ndinaona kuti chigamba chimene ndiyambe kupereka ndi chimene chinditenthere nyumba, chifukwa winayo adzati ndamuika pambuyo. Ndiye ndinamasula msoko wozungulira nkhope yonse, ndinaichotsa yathunthu, ndinawapempha kuti wina agwire kumagalasi, wina kundevu. Anagwira, akuyang'anizana ngati atambala. Lezala inandicheka chala, koma ndinadula ulusi wa pakati, umodziumodzi, mpaka nsalu inalekana. Aliyense anatsala ndi zake m'manja nthawi imodzi.

Gogo wa mchere uja anayamba kulira. Anati anthu abwino sakhalitsa.

Panatsala khutu. Wamfupi anati si la bwana wawo. Wamtali analitembenuza, anati iwonso ayi, koma lisatayidwe, mwina mwini wake adzalifuna. Anakangana za amene alisunge, mpaka mkulu wa mpingo uja analiika m'thumba la jekete. Kenaka mnyamata wina analoza chofunda n'kunena kuti pakona apo padakali diso. Wina anati uko kuli mlomo. Anayamba kuzungulira chofunda akuwerama, aliyense kufunafuna bwana wake.

Ndinati zimenezo ndimasula kunyumba, lezala yabuntha. Ndinachikulunga msangamsanga, bowo lili pakati, ndinachisenza, tinanyamuka. Koma sitinakafike kunyumba. Titapitirira munda wa fodya ndinakhotera kumsewu. Mapoto, ufa, nkhuku, timapilo tija, zonse ndinazisiya, chitseko ndinali nditangokokera. Pa Kamwendo ndinapeza wa njinga yonyamula anthu amene sankandidziwa, ndinamuuza kuti atiperekeze kwa Zulu, kumene kunakwatiwa akulu anga.

Wanjingayo anafunsa kuti mtolowo ndi wa chiyani. Ndinati matewera. Mwana wamkazi anatsegula pakamwa kuti anene za adadi, ndinamutseka ndi chikhatho, magazi a chala changa anamupaka patsaya. Ndinamukhazika pakati pa ine ndi wanjinga, kamnyamata kumsana, chofunda ndinachikhalira.

Kwa akulu anga ndisanamwe ngakhale madzi ndinapempha singano ndi matumba awiri a ufa, oyera, opanda chithunzi. Ndinawachapa, ndinawatumbula, ndinakuta chofunda chonse mbali ya nkhope, maso onse ndi milomo yonse m'kati, ndi misoko yoyandikana kwambiri kuti ngakhale kachala ka mwana kasalowe. Alamu anga anaima pakhomo akundiyang'ana, anafunsa kuti kwanuko mwasiya bwanji, nanga mukavotera kuti. Ndinati tikhala kuno mpaka a kampeni aleke kuimba m'misewu, ndipo ana asatuluke pa mpanda.