Bester ndi Kadi Yogwira Mapaketi

Mantha a Bester Nakhumwa adali oyamwira. Makolo ake adachokera ku Phalombe kudzalima fodya paesiteti ina kuseri kwa Mitundu, ndipo mwana wa tenanti amadziwa msanga kuti denga limene akugonamo si lake. Ali mu Sitandade 5, fodya adasowa m'chigafa. Kapitawo sadavutike n'kufufuza. Adangoona amene nyumba yake idayandikira chigafacho, ndipo adali bambo ake a Bester, a Jeremiya. Dzuwa lisanapendeke, mapoto ndi mphasa zidali pamsewu, amayi ake atakhalira mtolo, akulirira m'chitenje. Fodyayo adapezeka patatha sabata kwa mlamu wake wa kapitawo yemweyo, koma mukuganiza kuti alipo adabwera kudzapepesa? Kuchokera tsiku limenelo, Bester ankati akamva kuti kanthu kasowa, ngakhale singano ya kwa aneba, ankayamba kudzikayikira ngati watenga ndi iye.

Sukulu adalekezera Fomu 2. Adayamba kumasula mafoni akufa pakhonde lina mumsika wa Mitundu, kenako mawailesi, mapeto ake makompyuta. Thupi lonse lidali la mantha, zala zokha ndizo zidalibe. Mbiri ya zalazo idafika ku Nathenje, kwa a Abdulwahab, amene adali ndi shopu m'mbali mwa msewu wa M1. Kutsogolo ankagulitsa shuga, sopo ndi zitenje, kumbali kudali kachipinda ka fotokope ndi waifai yolipiritsa, komwe aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi ankadzatumiza malipoti awo. Adamupatsa kachipindako kuti aziyendetsa, n'kumupatsanso chipinda chogona kuseri kwa nyumba. M'chipinda chimenecho Bester adakhalamo zaka zisanu ndi ziwiri, adakwatiriramo Felesiya, mwana wawo adayambira kukwawa momwemo.

A Abdulwahab sadali munthu wankhanza, ayi. Vuto lawo lidali loti mawu akatuluka m'kamwa mwawo sankabwereranso. Mwana wawo wamkazi, Umi, atakakamira kukwatiwa ndi dalaivala wa minibasi amene iwo adamukana, adalamula kuti dzina lake lisadzamvekenso pakhomopo. Umi adapita ku Joni ndi mwamuna wakeyo, ndipo zaka zinayi zidatha dzinalo osamveka. Akazi awo, mayi Kuluthumu, adali a mtima wina. Felesiya atadwala matenda aakulu, ndi iwo adakamudikirira kuchipatala masiku atatu, miyendo yawo yotupayo ili apo. Bester ankawatcha amayi, ndipo sikudali kungowalemekeza chabe.

Lachisanu lililonse shopu inkatsekedwa thwelofu koloko. A Abdulwahab ndi antchito awo ankapita kumzikiti kukaswali Juma, mayi Kuluthumu ankaswalira kunyumba chifukwa cha miyendo ija, ndipo makiyi ankatsala ndi Bester, poti iye yekha ndiye adali Mkhristu. Ulemu umenewu ndi umene udadzamutembenukira.

Tsiku lina a Abdulwahab adalowa m'kachipinda kaja foni ili m'manja.

"Bester, Lachisanu masana shopu imakhala yotseka eti?"

"Yotseka, bwana."

"Nanga bandulo akumaidya ndani pakati pa thwelofu ndi wani? Majini?"

Bester adaona pansi pakuyandikira.

"Anthu akundiuza kuti umagulitsa pasiwedi kwa anyamata a kabaza," adapitiriza a Abdulwahab, mawu ali pansipansi. "Kukula kapena kuchepa kwa chinthucho ndilibe nako ntchito. Koma ine sindisunga pakhomo panga munthu amene ndikumukayikira."

Bester adasintha pasiwedi ya makasitomala kawiri, bandulo n'kumathabe. Izi zidangomuipitsira mlandu, chifukwa pasiwedi yatsopanoyo adaidziwa ndi iye yekha. Ya m'nyumba mwa abwana sadaiganizire n'komwe. Ndani amayamba n'kukayikira mwini munda?

Pamenepo mwana wa mlongo wawo wa a Abdulwahab, Ismael, amene ankagwira ntchito ya manetiweki m'tauni, adatumiza kadi yakale yoika m'kompyuta ya kuntchito kwake, itakulungidwa m'kapepala konyezimira. Adafotokoza pafoni kuti chilichonse choyenda pa netiweki chimayenda m'timapaketi, ndipo kadiyo imakhala ngati munthu amene wakhala m'mbali mwa msewu n'kumalemba minibasi iliyonse, kumene yachokera, kumene ikupita, nthawi yake ndi kulemera kwa katundu. A Abdulwahab adaika kadiyo patebulo pa Bester.

"Ndakupatsa Malachisanu awiri. Ukapanda kundionetsa wakubayo, ndidziwa kuti ndamuona kale."

Bester adali asanagwirepo kadi ya mtundu umenewo. Adazimitsa kompyuta, nazula pulagi, navula nsapato, n'kugwira chitsulo cha pawindo kanthawi kuti magetsi a m'thupi atuluke, poti adamva kuti chala chokha chikhoza kupsereza kadi. Atatsegula bokosi la kompyutayo adapezamo fumbi lonse la Nathenje ndi mphemvu ziwiri zouma. Adapemerera, nayang'ana mpata wautali woikamo kadi, naikankha pang'onopang'ono. Itati khethe, adayesa waithyola. Adamanga kasikuluwu thukuta likudonthera pamkono. Pulogalamu yoyendetsa kadiyo idakana ulendo woyamba, sikirini n'kudzaza malemba ofiira. Adayesa ina imene Ismael adatumiza, ndipo kanyali kobiriwira kadayaka kumbuyo. Kenako adakoka kebulo kuchoka pakadipo kukalowa pa swichi, kabokosi kamene mawaya onse amakumanako, n'kulamula doko limodzi, kabowo kolowetsamo waya, kuti lizikopera zonse zodutsa m'madoko enawo. Pomaliza adakonza wotchi ya kompyuta mpaka pa sekondi, podziwa kuti umboni wa nthawi yolakwika ungamupachike iye yemwe.

Koma munthu wamantha amamanga mpanda mpaka kutseka khomo lake lomwe. Lachisanu loyamba Bester adati pasadutse kanthu, ndiye adayatsa kadiyo seveni koloko m'mawa, ikugwira chilichonse, paketi yonse ndi zam'kati mwake. Aphunzitsi adatsitsa mafomu awo, wina adaonera mpira, ndipo pofika leveni disiki ya kompyuta yokalambayo idali itadzaza thothotho. Thwelofu itakwana kadi inkangoona, polemba palibe. Bandulo idadyedwa monga mwa masiku onse.

"Wachita dala?" adafunsa a Abdulwahab atabwera kumzikiti.

"Ayi, bwana, disiki inadzaza."

"Latsala limodzi."

Sabata imeneyo Bester sadadziwe kukoma kwa chakudya. Felesiya sadamufunse zambiri, pakuti nayenso adakulira paesiteti. Lachitatu Bester adapeza makatoni atatu opanda kanthu atabisidwa kunsi kwa bedi, ndi chingwe cha sisalo pambali pake. Adakhala pabedipo. Adachita mantha enieni, mantha a mwana wa Sitandade 5, ndipo adadzida chifukwa cha manthawo.

Lachisanu lachiwiri adakonzeka bwino. Adapukuta disiki yonse, n'kuuza kadi kuti izigwira mitu yokha ya mapaketi, pamene pamalembedwa wotumiza ndi wolandira. Azana yoitanira anthu kumzikiti itamveka, a Abdulwahab adatuluka atavala kanzu yoyera ndi kofia, osamuyang'ana. Bester adatseka zitseko, nakhala pansi, nadina batani.

Poyamba mizere inkatsika mwaulesi, rauta, kabokosi ka waifai, ikungonong'onezana ndi makompyuta. Mphindi khumi zidadutsa. Adayamba kupemphera kuti wakubayo asajombe lero. Itangodutsa kota pasiti thwelofu, sikirini idasefukira. Mizere inkathamanga moti diso silikadaigwira, ndipo yonse inkachokera pa nambala imodzi, kupita kunja kwa dziko, kubwera, kupita, kubwera. Bester adatsala pang'ono kuseka. Adatenga kope lake momwe ankalemba nambala ya foni iliyonse imene adailumikizapo pa waifai, nayamba kutsetsereka ndi chala. Makasitomala adatha, nambala osaoneka. Adatembenuza tsamba la apakhomo. Chala chidaima pa dzina la mayi Kuluthumu.

Adawerenga nambalayo katatu. Kenako adatuluka chakuseri ngati akukatunga madzi pampopi. Windo la chipinda cha amayiwo lidali lotsegula pang'ono, ndipo mudatuluka kuseka kwa kamwana, kotsatana ndi mawu amene Bester adali atakhala zaka zinayi osawamva.

"Nena kuti agogo. Awonetse mano, agogo awone."

Adali Umi. Mayi Kuluthumu ankayankha monong'ona, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. Bester adamvetsa zonse ali chiimire. Kuti amayiwo agule bandulo yawoyawo akadapita kwa a Mbaraka ogulitsa mayunitsi, ndipo a Mbaraka amamwa tiyi ndi amuna awo tsiku ndi tsiku. Waifai ankaiyesa mphepo, yoti ukapuma siisiya mapazi.

Adabwerera m'kachipinda. Khoswe adali atakhala pamkhate. Akadatha kufufuta zonse n'kunena kuti kadi yakanikanso. Akadatha kuvomera mlandu wosalakwa, monga adachitira bambo ake. Njira zonse ziwiri zinkathera pamsewu wa M1, iye, Felesiya, mwana ndi makatoni atatu. Adaika chala pabatani lofufutira, nachisiya pamenepo nthawi yaitali. Tisamunamizire ungwazi munthuyu. Sadadine. Mizere idaima yokha pa 1:07, ndipo posakhalitsa kudamveka nsapato za a Abdulwahab pakhonde.

"Wamugwira?"

Bester sadathe kutchula dzina. Adangoloza nambala ya pasikirini, kenako n'kuloza mzere wa m'kope. A Abdulwahab adavala magalasi, nawerama. Adayang'ana sikirini, nayang'ana kope.

"Akuyankhula ndi ndani?"

"Kadi sinena dzina, bwana. Ikungoonetsa kuti ndi kunja kwa dziko. Ndi foni ya vidiyo."

"Vidiyo." Adabwereza mawuwo pang'onopang'ono. Bester adadikira kuti mkuntho uyambe, akuona kale amayi aja akuitanidwa, foni ikulandidwa, ndipo zonsezo chifukwa cha chala chake. Koma a Abdulwahab adakoka mpando wa makasitomala n'kukhala, chinthu chimene adali asanachitepo.

"Ndiye kuti nkhope zadutsa muno, mu wayamu?"

"Zadutsa, bwana."

"Tandionetsa."

"Sizingatheke. Ndagwira mitu yokha. Ngakhale ndikanagwira zonse, zimayenda zokhoma. Timangoona manambala."

"Ngakhale mawu?"

"Ngakhale mawu."

Bamboyo adavula magalasi, nawapukuta ndi kanzu, nawavalanso. Adayang'anitsitsa mizere ya manambala ija ngati muli china choti atolemo.

"Ayankhula nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi 52."

"Munthu wodwala sangayankhule mphindi 52," adatero, koma sankauza Bester. Adaimirira, nafika pakhomo, natembenuka. "Uuze akazi ako abweze makatoni anga kusitolo, ndawaona. Kadi usaizule. Amayi ako asadziwe kuti ndadziwa, wamva? Lachisanu lililonse uzindiuza mphindi."

Bester akadali ku Nathenje mpaka lero, m'chipinda chomwe chija. Mantha sadathe, adangosintha malo. Tsopano amaopa maso a mayi Kuluthumu, amene amamupatsa moni ndi mtima woyera, iye akudziwa kuti tsiku lija adawapereka kuti apulumutse denga lake. Zimamuwawa, ndipo alibe womuuza. Lachisanu lililonse amayatsa kadi, amalemba nambala pakapepala, n'kukasiya pansi pa sikelo ya m'shopu.

Anthu a pa Nathenje amadabwa kuti a Abdulwahab, amene kale ankayamba ndi iwo kutuluka mumzikiti kuthamangira makasitomala, masiku ano amaima pabenchi ya a Mbaraka n'kumakamba za mitengo ya feteleza mpaka thuu koloko, dzuwa likuwawotcha, shopu ili chitsekere. Sabata yatha pakapepala padalembedwa 94.