Kufunsa Katundu

Mwana wanga wachiwiri anadwala malungo aakulu ali ndi chaka ndi theka, chaka chija masitolo a mu Mutare anatsala mashelefu okhaokha. Anachira, koma dzanja lake lamanja linachoka kuchipatala ngati lobwereka. Supuni ankaigwira kunsonga, n'kuigwetsa. Kapu ankaifinya mpaka zala kunjenjemera, kenako mwadzidzidzi n'kuitaya, tiyi yense pamimba. Anesi anandiuza mokoma mtima kuti dzanjalo likhoza kubwerera mwakale kapena ayi, ndizingomupatsa zinthu zoti azigwira, tidikire. Ine kudikira si khalidwe langa.

Tinkakhala ku Dangamvura, dera lina la mumzinda wa Mutare, m'nyumba ya apongozi anga aamuna, amene anakalambira kunjanji akukweza katundu m'mabogi. Bambo a mwanayo ankakhalira ulendo wa ku Mozambique kukatenga mpunga ndi mafuta ophikira. Mafuta akatha, zigubu zake zachikasu tinkasungiramo madzi, poti kumpopi kwathu madzi ankabwera pamene afunira okha. Zigubuzo tinkazindandalika pakhonde, zazikulu ndi zazing'ono.

Mayi wina woyandikana nafe, wodziwa zonse, anasuzumira pampanda tsiku lina n'kunena m'Chishona kuti, "Ruoko urwu rwakafa." Akuti dzanja la mwana wanga linafa. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Koma mawu akewo anandilowa, ndipo ndinkaopa kwambiri. Ndinayamba kumudyetsa ndekha mwanayo, kumugwirira kapu, kumulanda chilichonse chimene wafuna kunyamula, kuti ndisaone chikugwa.

Apongozi ankangondiyang'ana ali pampando wawo pakhonde. Tsiku lina analephera kupirira.

"Make mwana, musiyeni agwetse. Kapu yachitsulo siilira."

"Bambo, si kapu imene ndikuimvera chisoni."

"Ndikudziwa. Koma kunjanji tinkati katundu sumangomunyamula, umayamba wamufunsa. Umamugwedeza pang'ono, iye amakuuza kulemera kwake ndi mbali imene wapendekera. Nanga uyu afunsa liti, inu mukumuyankhira?"

Ndinati eya ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati nkhalamba izi, mwana si bokosi la m'sitima.

Panali kachigubu kamodzi kamene mwanayo ankakakonda. Kakadzaza madzi ankakakoka ndi dzanja lamanzere, akubuula ngati munthu wamkulu, lamanja lili lende. Ndinkamuleka chifukwa kanali kapulasitiki, kosasweka.

Ndiye inafika sabata ina madzi osabwera, zigubu zonse zinauma. Mmawa wina ndikusesa pabwalo, ndinamuona akupita pa kachigubu kake kaja. Iye sankadziwa kuti mulibe kanthu. Ananjuta, natambasula miyendo, nagwira chogwirira ndi manja onse awiri, masaya atatupa ndi mpweya. Anakoka ndi mphamvu zonse zimene ankakokera kakadzaza. Kachigubu kanauluka n'kumumenya pachipumi, iye n'kugwa chagada, kulira kwake mpaka kumsewu.

Ndinaponya tsache n'kuthamanga. Apongozi anandipingasira ndodo yawo.

"Taimani kaye. Taonani dzanjalo."

Ndinayang'ana. Mwana ali gone pansi, kukamwa kuli yasa, koma dzanja lamanja lili chigwirire chogwirira chija. Silinataye.

Atatopa n'kulira anakhala tsonga. Anakagwedeza kachigubu, nasuzumira m'kati ndi diso limodzi, nkhope ili ndwii ngati munthu amene mnzake wamunamiza. Kenako anadzuka n'kupita pa chigubu chotsatira. Ulendo uno sananjute. Anaika dzanja lamanja pamwamba, nachikankha pang'ono. Chigubu chinapendekeka n'kubwerera. Anachikankhanso. Ndiye anachinyamula ndi dzanja lomwelo, limodzi, mopanda kubuula, n'kuchibweretsa kwa agogo ake kudzawanenera mlandu.

"Wamufunsa," anatero apongozi. "Dzanja lakufa silikumbuka kulemera kwa dzulo, make mwana. Ili linakumbuka, lanamizidwa, laphunzira."

Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi, ndikuseka, misozi ikutsika. Mtima umene unali m'mwamba miyezi yonseyo unatsika pansi. Mayi wapampanda uja anasuzumira kuti aone chagwa n'chiyani, ine n'kumupatsa moni wansangala mpaka iye mwini anadabwa.

Dzanjalo silinachire tsiku lomwelo ayi. Mabatani a malaya anamuvuta mpaka atayamba sukulu, ndipo kulemba amalembera kumanzere mpaka lero. Apongozi anatisiya mwanayo asanakule. Panopa ndi chimnyamata chachitali, amatsitsa nthochi za ku Burma Valley m'malole kumsika wa ku Sakubva. Ndikapita kukagula masamba ndimaima patali n'kumamuonerera. Kreti iliyonse amayamba waigwedeza ndi dzanja lamanja asanaikweze paphewa. Iye sadziwa n'komwe kuti amatero.

Koma chimene ndimakumbuka kwambiri ndi madzulo a tsiku la kachigubu lija. Ndinapempha madzi pang'ono kwa mayi wapampanda yemweyo, ndinaphika tiyi, ndinamuziziritsa, n'kuthira m'kapu yachitsulo. Ndinaiika patsogolo pa mwanayo, ine manja anga ndinawakhalira. Anaigwedeza pang'ono, naikweza ndi manja awiri. Theka anamwa, theka linapita pansi. Ndinakolopa ndikuimba.