Mayi Lufina, Amene Anagwada Panjira ya Kumtsinje

Akhristu a nthambi ya Antonio Woyera, kumunsi kwa mapiri a ku Nzama, akamakumbuka anzawo amene anatsogola, dzina la Mayi Lufina aNangozo silichedwa kutuluka. Sanali mkulu wa mpingo, sanaimbepo kwaya, ndipo sukulu anailekera panjira. Tikulemba za iwo kuti ana athu adziwe kuti pakati pathu panakhala munthu wotere, ngakhale ifeyo tinachedwa kumuona.

Anabadwa mu 1948. Bambo awo anapita kumigodi ku Joni iwo akadali kumsana, ndipo anatchona. Anakula ndi mayi awo okha, akulima chimanga ndi kachewere pamunda wotsetsereka. Lamulungu lililonse awiriwa ankalawira mame asanakamuke kupita ku Misa ku Nzama, opanda nsapato. Kumeneko anabatizidwa, kumenekonso anaphunzira kupemphera korona.

Anakwatiwa ndi Bambo Nicholas, mmisiri wa matabwa. Amayi anavina msindo paukwati wawo, koma chimwemwe cha banjalo sichinakhalitse. Ana atatu oyamba anamwalira asanayambe kuyenda. Wachinayi, Tawina, anakula mpaka kupeza ntchito ku boma ku Ntcheu, koma naye anabwerera kumudzi akudwala n'kutsirizikira m'manja mwa mayi ake. Chaka chisanathe, Bambo Nicholas ananyamula zipangizo zawo, ati apeza ntchito ku Tsangano. Ogula mbatata ndi amene anadzabwera ndi mbiri yoti akwatirako.

Pamudzi panayamba manong'onong'o. Mwana akadwala, maso a anthu ankapita kunyumba ya Mayi Lufina. Amene ankalankhula poyera anali Bizwell, mwini ng'ombe zambiri, yemwe anali atataya mwana wake woyamba ndipo ankasowa potula mkwiyo wake. Iye analetsa a m'nyumba mwake kuponda pakhomo pa mayiwo, ngakhale kukapala moto. Pachitsime amayi ankasiya nkhani iwo akafika. Mayi Lufina ankapereka moni kwa aliyense, n'kutunga madzi awo, n'kumapita.

Sanakadandaule kwa wina aliyense. Anapempha kwa akatekisiti kuti azisesa tchalitchi, ndipo kenaka anapatsidwa kiyi. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndiwo ankatsegula, kuzira fumbi, kuchapa nsalu ya paguwa ndi kuimba limu ya galimoto yomangidwa pamtengo, yomwe ndi belu lathu. Benchi yawo inali yakumbuyo, ndipo kawirikawiri ankakhalapo okha. Wina akawafunsa ngati sasungulumwa m'nyumba yopanda mawu a munthu, ankangoti, "Anthu amasamuka, Mulungu sasamuka." Koma amene ankadutsa pakhomo pawo madzulo ankawamva akuyankha wailesi ngati akucheza ndi mlendo.

Wailesi yomweyo ndi imene inawauza za namondwe mu Januwale 2022. A zanyengo ankachenjeza kuti kukubwera mvula yamphamvu ndi mphepo yamkuntho kuchokera mbali ya ku Mozambique. Ankati okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa mapiri asamukire kumtunda, pasapezeke wowoloka madzi othamanga kapena wousa mvula pansi pa mtengo. Ambiri pamudzi anati zimenezo nza anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuno nkumapiri.

Mvula inayamba ngati mvumbi wamba, koma sinakate. Kutacha, Mayi Lufina anaona kuti khoma la nyumba yawo ya zidina lanyowa mpaka m'chiuno, ndipo khwawa lomwe ana amadumpha linali likulira ngati chigayo. Anapita kwa akatekisiti kukapempha kuti atsegule tchalitchi, poti ndicho chokha chili pachitunda ndipo ncha njerwa zootcha. Ataloledwa, anaimba limu nthawi yaitali. Kenaka anafunda pepala lapulasitiki, anatenga ndodo, n'kutsetserekera kunyumba za kumunsi. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri.

Anaodira khomo ndi khomo, ngakhale makomo amene sanawalandirepo. Ena anamvera, ena anaseka. Mayi wina anawafunsa ngati si iwo omwe aja amati Mulungu sasamuka. Iwo anayankha mofatsa kuti, "Iye sasamuka ndithu, koma ife anatipatsa miyendo."

Nyumba yomaliza, kufupi kwenikweni ndi mtsinje, inali ya Bizwell. Mkazi wake, Alinafe, anali atamanga kale katundu, kamdzukulu kali kumsana, koma ankaopa kunyamuka mwamuna wake asanalole. Bizwell anali akuvala jekete. Ng'ombe zake zinali m'khola latsidya lina, ndipo ankafuna kuwoloka paulalo wa mitengo kuti akazitsegulire. Madzi ofiira, odzaza zitsa ndi mapesi, anali akunyambita kale ulalowo.

Mayi Lufina anamupempha kuti asapite. Iye sanawayang'ane nkomwe. Pamenepo iwo anatsogola n'kugwada m'matope, pakati pa kanjira kopapatiza kotsikira kumtsinje.

"Chokanipo, mayi inu," anatero Bizwell.

"Mudutse pamsana panga, achimwene," anayankha iwo. "Ine maliro ndaika okwanira. Ena sindikuwafunanso."

Bizwell anaima. Kukankha munthu wamkulu wogwada kunamukanika, ndipo kumbali kunali kotsetsereka koterera. Anatukwana, anawatchula dzina loipa lomwe ankawatchula kumbali, koma iwo sanasunthe. Akadali choncho, chimtengo chozuka ndi mizu yomwe chinabwera ndi madzi n'kuomba ulalo uja, ndipo ulalowo unapita ngati udzu. Alinafe ndi amene anawadzutsa Mayi Lufina, mawondo atawauma, ndipo onse anakwera chitunda.

M'tchalitchi munadzaza anthu, nkhuku ndi matumba a ufa. Mphepo itakula, lata limodzi linasasuka, ndipo akatekisiti anauza onse kuti achoke pafupi ndi mazenera ndi khoma la mbali ya mphepo. Anthu anathithikana pakati. Mayi Lufina anakhala pafupi ndi chitseko, akuchigwira kuti chisamenyeke ndiponso kutsegulira ochedwa. Ngakhale m'kupanikizana konseko, pambali pawo panatsala kampata. Anakaona kampatako, anatulutsa korona m'thumba la bulauzi, n'kuyamba kupempherera amene anali akadali panja.

Mvula itakata, anthu anatsika kukaona. Nyumba za m'mphepete mwa mtsinje zinali zitakokoloka, minda yakumunsi itakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Pamudzi pathu sipanafe munthu. Nyumba ya Mayi Lufina inali mulu wa dothi, wailesi yawo ili pansi pake. Khola la Bizwell linapita ndi ng'ombe zake zonse, ndipo kwa miyezi ingapo iye ankauza anthu kuti akanapanda mayiwo, bwenzi ataziwombola. Mawuwo anawafika, ndipo anawapweteka. Anangouza Alinafe kuti kuli bwino munthu aziwada ali moyo.

Aliyense anatanganidwa ndi kumanga kwake. Mayi Lufina anagona m'kachipinda kosungira zovala za Misa mpaka nyengo yokolola, pamene akhristu a mphakati wawo anawamangira kanyumba kumtunda. Chifuwa chimene chinawalowa tsiku la namondwe sichinawasiyenso. Alinafe anayamba kumabwera, poyamba mozemba, kenaka poyera, kuwatungira madzi ndi kuwaphikira phala. Bizwell ankamuona akupita, osamuletsa.

M'nyengo yozizira ya 2024 mphamvu zinawathera. Bambo Mfumu anabwera kuchokera ku Nzama, anawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. M'mawa mwake anapempha Alinafe kuti awatulutse panja awothere dzuwa. Anatsamira khoma, anayang'ana mapiri, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo anagona osadzukanso.

Tsiku loika maliro, mwambo wa mpingo utatha, woyendetsa mwambo anapempha kuti wachibale alankhule. Kumanda kunangoti zii, pakuti mayiwo analibe mwana, mlongo, kapena mdzukulu. Woyendetsayo anafunsanso ngati akwawo alipo. Pamenepo Bizwell anatuluka pakati pa adzukulu okumba manda, dothi lili m'miyendo, chipewa chili m'manja.

"Akwawo ndife," anatero, n'kubwerera pamalo pake.

Mayi Lufina sanasiye chuma kapena mbumba. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene anakanidwa ndi anthu, koma iye osawakana. Masiku ano chenjezo la namondwe likamveka, tchalitchi chathu chimatsegulidwa mvula isanakule, ndipo achinyamata a mphakati amayenda m'makomo, kuyambira a okalamba amene amakhala okha. Mzimu wawo uuse mumtendere.