Tiyi wa Mayi Icilda

Amayi anga, Mayi Icilda Gayle, amagulitsa msuzi wa mapazi a nkhuku pa geti la bwalo la mpira m'tauni yathu ya May Pen. Aliyense wochemerera timu yathu ya Minho Rangers amawadziwa: mayi wamfupi, wamikono yolimba, wovala chipewa cha kutchalitchi ngakhale ali pa moto. Ine ndine Tashoy, mwana wawo mmodzi yekhayo. Koma mukafunsa pabwalopo kuti mwana wa Mayi Icilda ndani, akulozerani Rushane.

Rushane ndi msuweni wanga, mwana wa amalume amene anapita ku England n'kuiwala njira yobwerera. Anabwera kwathu tonse tili aang'ono, mamina ali chuchuchu, atanyamula nsapato imodzi. Tsiku lomwelo amayi anatsitsa pa shelefu kapu ya malemu bambo anga, yaikulu, yachitsulo, yoyera ndi mkombero wabuluu, namuthiriramo phala. Ine ndinkamwera m'kapu ya pulasitiki yosuluka. Kapu ya bambo sinabwererenso pa shelefu.

Amayi anakulira kumapiri a ku Frankfield, komwe anasiya sukulu kuti azisenza zilazi za agogo kupita nazo kumsika. Anakwatiwa ndi bambo, amene ankagwira ntchito ku mgodi, ndipo bambo atamwalira anagula mphika waukulu ndi ngolo yokankha. Msuzi wawo uli ndi lamulo lake. Pamwamba pamakhala madzimadzi, pakati pamakhala dzungu ndi timibulu ta ufa, pansi penipeni ndiye pamakhala mapazi ndi chilazi. Chipande chinkafika pansi chifukwa cha Rushane yekha. Ine ndinakula ndi pamwamba.

Nditakhoza mayeso omaliza ku sekondale, amayi anati, "Ambuye alemekezeke," kenaka anandituma makala. Rushane atagoletsa chigoli chake choyamba mu ligi yaikulu, anagawa mphika wonse kwaulere, mpaka kwa ochemerera timu ya alendo.

Chaka cha 2015 nyumba ya malamulo inafewetsa lamulo la chamba. Wopezeka ndi chochepa sankamangidwanso, ndipo banja lililonse linaloledwa kudzala mitengo isanu. Pa geti pathu nkhani inali yomweyo Lamlungu lililonse. Woyambitsa anali Ras Ifraim, wogulitsa mtedza pafupi nafe, mwamuna wa tsitsi lofika m'chiuno.

"Mayi Icy, mwamva? Babulo wagonja!"

"Sunthani uko ndi utsi wanuwo, mukundinunkhitsira msuzi."

"Boma lomwe lavomereza, mayi wanga."

"Bomalo lidzakuyankhirani kumwamba?"

"Nanga anadzala ndani therere limeneli, si Mlengi? Ndiye taonani chilungamo chake: wapolisi wandisiya, koma a zampira akumugwirabe mwana Oniel."

Oniel anali goloboyi wathu. Anasuta usiku woti mawa kuli masewero, akuti kuti bondo limuleke agone, ndipo anthu oyeza mkodzo atabwera anamupeza nacho. Anamuletsa mpira zaka ziwiri. Tsopano ankaitanira matakisi pa siteji, magolovesi ake atagulitsa. Ena pa getipo ankati chamba sichithamangitsa munthu, chimangomuchedwetsa, ndiye aletseranji? Ena ankati wosewera mpira ndi galasi la ana. Amayi ankangoti, "Wosuta aliyense ndi wotayika. Wanga Rushane sanagwirepo ndudu."

Zinali zoona. Komabe kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa bonongwe ndi tomato, panali mitengo iwiri ya chamba imene amayi ankaithirira m'mawa uliwonse, lamulo lisanasinthe n'komwe. Iwo sankaitchula chamba. Ankati mankhwala. Amayi ambiri a mumpingo mwathu ali choncho: kusuta ndi tchimo, koma masamba aawisi owiritsa mu tiyi ndi mphatso ya Mulungu yochiza chifuwa. Rushane akatsokomola ali mwana, ankamuphikira tiyi ameneyo, wothira mkaka wa m'chitini. Ine ndikatsokomola ankandipatsa masamba owawa a serasi okha, ati atsikana ndife olimba.

Kenaka kunabwera Sashalee, chibwenzi cha Rushane. Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, wamtali, wolankhula mosaopa munthu. Rushane anayamba kudya zimene Sashalee wanena, kumwa zimene Sashalee walola. Tsiku lina anakana msuzi masewero asanayambe, ati mafuta achuluka. Amayi anaima chipande chili m'manja, msuzi ukudontha pa nsapato zawo. Nkhope imene anaonetsa ndinaizindikira msanga, chifukwa ndimakumana nayo pa galasi.

Ineyo Sashalee sindinkamukonda. Anabwera dzulodzulo koma anali kale ndi mpando wake pakhonde pathu, ndipo anthu akamalankhula naye ankamuyang'ana kumaso.

Timu yathu inafika mu ndime yomaliza ya chikho. Kunamveka kuti kudzabwera mzungu wa timu ina ya ku Norway kudzaona Rushane, ndipo akakhutira amutenga. Kunamvekanso kuti oyeza mkodzo adzakhalapo, monga amachitira pa masewero aakulu. Lachisanu, Rushane anadzuka ndi chimfine, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.

Loweruka madzulo Sashalee anabweretsa mapiritsi pakhonde.

"Awa ndi ololedwa, ndafunsa adokotala a timu. China chilichonse ayi. Mayi Gayle, ndikupempha, ngakhale tiyi wanu uja ayi."

"Tiyi wanga walakwanji?"

"Mkodzo sudziwa kuti ichi chinalowa ngati utsi, ichi ngati tiyi. Chamba ndi chamba."

"Iwe mtsikana, samala pakamwa. M'nyumba muno mulibe chamba. Oniel anagwidwa chifukwa chosuta. Ndiponso lamulo lasintha, sunamve?"

"La boma lasintha. La mpira ayi."

"Mwana ameneyu ndinamuchiza chifuwa iwe ukuyamwa chala."

Rushane anaseka, nawagwira amayi paphewa. "Azakhali, musadandaule. Mawa mundiphikire serasi ndi jinja basi, muone mmene ndiwathyolere."

Lamlungu m'mawa ndinali pa khomo la khitchini, ndikusenda zilazi za msuzi. Ndinaona amayi akupita kuseri kwa nyumba ndi kubwera atafumbata dzanja m'thumba la epuloni. Anaponya jinja m'madzi owira, kenaka serasi wambiri kuti kuwawa kubise fungo, kenaka zimene zinali m'thumba zija. Anasefa, nathira mkaka wa m'chitini mosaumira, m'kapu ya mkombero wabuluu.

"Ukuyang'ana chiyani? Senda chilazi."

"Amayi, Sashalee anati..."

"Sashalee ndi amene anamulera?"

Mawu anga anathera pomwepo. Ine ndimatero. Ku sukulu aphunzitsi ankandiiwala poitana maina. Ndikafuna kunena chinthu chachikulu, lilime limasanduka mwala.

Rushane anatuluka kosamba, thaulo lili m'khosi, akutsokomola. Kapu inali pa tebulo, nthunzi ikukwera. Sindibisa, maganizo ena anandidutsa: akamwa, satuluka m'dziko muno. Adzaima pa siteji pambali pa Oniel, akukuwa kuti "Mandeville, mmodzi watsala!" ndipo m'nyumba muno tidzakhala anthu awiri wamba. Maganizowo anali okoma ngati mkaka uja. Kenaka ndinaona mapazi ake pa simenti, zikhadabo zakuda zothyokathyoka, chala chopindika chimene anathyoka akusewera wopanda nsapato pa msewu wathu. Anatambasula dzanja.

Ndinaponya mpeni, ndinafika pa tebulo iye asanagwire, ndinanyamula kapu ya bambo anga ndi manja onse awiri n'kumwa. Tiyi anali wotentha moti ndinamva lilime likusupuka, koma sindinaime mpaka pansi. Anali wowawa, wotsekemera, wonona. Chibadwire ndinali ndisanamwepo chinthu chothiridwa mkaka wochuluka choncho.

"Yesu wanga!" Amayi anandikwapula ndi nsalu yopukutira mbale. "Nsanje! Nsanje yako ija yakula mpaka kulanda mankhwala a wodwala!"

Rushane anali akuseka. "Msuweni, ndiwe wa ludzu chotere? Ukanangonena." Anandilanda kapu, naiyang'ana mkati. Pansi panali kachidutswa ka tsamba kamene kanapulumuka ku sefa. Anakatola ndi chala, nakanunkhiza. Kuseka kunatha.

"Azakhali."

"Ndi tiyi chabe, mwanawe. Chifuwa chimenecho ungathamange nacho?"

"Azakhali, mukanandipha."

"Ine? Ine kukupha iwe?"

Rushane analowa kuchipinda. Anavala, anatenga chikwama chake, natuluka osadya kanthu. Pa geti anaimba foni, ndipo tonse tinamva dzina limene anatchula: Sashalee.

Tinakweza mphika pa ngolo. Amayi ankakankha, ine ndikugwirira chivundikiro. Titadutsa pa wotchi ya pakati pa tauni, msewu unayamba kutalika. Miyendo yanga inapepuka, ndipo mbuzi ina yoima pa mulu wa zinyalala inandiseketsa mpaka misozi. Kenaka mwala uja unachoka pa lilime.

"Amayi, mukudziwa kuti phazi la nkhuku lathunthu sindinalidyepo? Ndimadya zala zimene zathothoka zokha."

"Khala chete, anthu akuona."

"Aone. Mwina adziwa kuti muli ndi mwana wamkazi. Kapu ija ndi ya bambo anga, Amayi. Anga ine. Ndinakhoza mayeso, munandituma makala. Ndikatsokomola mumati ndine wolimba. Ndani anakuuzani kuti ndine wolimba? Munandifunsapo?"

"Tashoy."

"Ndipo lero mwati nsanje. Eya, ndi nsanje. Ndinatengera inu. Inu simunkachiza chifuwa, munkalimbana ndi Sashalee."

Ngolo inaima. Ndinayembekezera khofi, koma amayi anangokonza chipewa chawo, nayambanso kukankha. Pa geti Ras Ifraim anandiyang'ana m'maso kamodzi kokha, nagwetsa thumba la mtedza ndi kuseka.

"Mayi Icy! Wotayika uja ali m'nyumba mwanu momwe! Mwana wofatsayu maso ngati tomato!"

"Ras, mukatsegulanso pakamwa ndikuthirani msuzi wotentha."

"Ndatseka, mayi wanga. Koma takulandirani mu mpingo, mlongo."

Masewerowo ndinawamvera kunja, nditakhala pa kreti, mutu uli pa tayala la ngolo. Rushane sanagoletse. Akuti ankatsokomola pa mzere nthawi iliyonse mpira ukatuluka, koma anapereka mpira umene mnzake anagoletsa, ndipo ndi mmene tinatengera chikho. Masewero atatha, oyeza aja anasankha osewera awiri a timu yathu. Mmodzi anali Rushane. Mnyamata wogulitsa madzi atabwera ndi nkhaniyo, amayi anasiya kasitomala atatambasula dzanja, nakhala pansi pa kreti inayo. Ndinali ndisanawaonepo atakhala pa nthawi ya malonda.

Patapita kanthawi anadzuka, natenga kapu ya pepala. Ndinamva chipande chikukanda pansi pa mphika. Anandipatsa osandiyang'ana. Munali mapazi atatu athunthu ndi chilazi.

"Womwa zimene zija amamva njala," anatero. "Idya."

Zotsatira za mkodzo zinatuluka zoyera, ndipo a ku Norway anamutenga. Pa wailesi Rushane anathokoza Mulungu, aphunzitsi a timu, azakhali ake amene anamulera ndi msuzi, komanso Sashalee amene amamusamalira thanzi. Ndinamvetsera mpaka nyimbo yotsekera pulogalamu. Kunyumba anangondikoka tsitsi nati, "Iwe chidakwa cha tiyi, ndidzakutumizira jekete."

Mitengo iwiri ija ikadali kuseri kwa nyumba. Amayi amanenabe kuti osuta ndi otayika, ndipo Ras Ifraim akawafunsa za tiyi amati tiyi ndi nkhani ina. Chipande chimafika pansi chifukwa cha ine tsopano, ngakhale si Lamlungu lililonse.

Tsiku lolongedza katundu wa Rushane, ndinaona amayi akukulunga kapu ya mkombero wabuluu mu malaya ake, naiika pakati pa sutikesi kuti isaphwanyike. Ndinaima pakhomo, lilime litabwerera mwakale. Mwezi watha anatumiza chithunzi pa foni: pawindo chipale chofewa chili mbuu, pa tebulo buledi, ndipo Sashalee, atavala juzi ya timu yatsopano, akumwera m'kapu ya bambo anga. Amayi anandipempha kuti ndiwakulitsire chithunzicho aone ngati mwana wawo waonda. Ine ndinakulitsa pa kapu.